Joseph Priestley, Munthu Amene Anamwetsa Madzi Mpweya

Ife a ku Lundazi tiri kutali ndi nyanja yamcere. Ambiri a makolo athu anabadwa, nakalamba, namwalira, osaona madzi opanda tsidya. Koma mtsinje wathu wa Lundazi umaidziwa njira ya kumeneko. Madzi ace amatsikira kucigwa nathira mu Luangwa. Luangwa amawapereka kwa Zambezi pafupi ndi Zumbo, ndipo Zambezi amakawatula m'nyanja ya India, m'dziko la Mozambique. Imeneyo ndiyo njira ya madzi. Palinso njira yina imene nyanjayo imafikira kwa ife, ndiyo ya mphepo. Mpweya umene mulikupuma tsopano lino, wina unakhalapo m'kati mwa nyanja, ndipo wina udzalowamonso. Pakuti nyanja imamwa mpweya ndi kuutulutsa usana ndi usiku, osapumula.

Kale anthu sanali kudziwa zimenezi. Anali kuyesa kuti mpweya ndi cinthu cimodzi cokha, ndi kuti madzi ali paokha, mpweya uli pawokha. Mmodzi wa anthu oyamba kuganiza kuti mafunde a nyanja ali ndi nchito pa mpweya umene timapuma anali Joseph Priestley. Iye sanali mmalinyero ai. Anali mphunzitsi ndi mlaliki wacibwibwi, ndipo zipangizo zace zoyamba zinali makandulo, mbewa, mabotolo, ndi mbale yaikulu yadothi yocapiramo nsaru.

Joseph anabadwa m'caka ca 1733 pa mudzi wa Fieldhead, pafupi ndi mzinda wa Leeds, m'dziko la England. Atate wace, Jonas Priestley, anali mmisiri wokonza nsaru zaubweya, ndipo Joseph ndiye anali mwana wacisamba mwa ana asanu ndi mmodzi. Amai wace anamwalira m'caka ca 1739, iye ali ndi zaka 6. Pambuyo pace mlongo wa atate wace, Sarah Keighley, amene analibe mwana, anamtenga namlera ngati wobala yekha.

Anali mwana wokonda kufunsa. Mng'ono wace Timothy anasimba kuti Joseph, ali mnyamata, anali kugwira akangaude ndi kuwatsekera m'mabotolo, kuti aone ngati adzakhala masiku angati opanda mpweya watsopano. Akangaudewo sanakondwere nazo, koma funso limene anawafunsa ndilo lomwelo analifunsa moyo wace wonse. Pa zinenero anali ndi mutu wakuthwa: anaphunzira Cilatini, Cigriki ndi Cihebri, ndipo pamene anadwala nthenda yaikulu ali ndi zaka ngati 16, nasiya sukulu, anadziphunzitsa yekha Cifalansa, Citaliyana ndi Cijeremani ali panyumba.

Masiku amenewo masukulu akulu a Oxford ndi Cambridge sanali kupatsa madigiri kwa anthu osapemphera m'chalichi ca boma, ndipo banja la Priestley linali la anthu otere. Cotero m'caka ca 1752 analowa sukulu yaing'ono ya ku Daventry. Atatsiriza anakhala mbusa ku Needham Market, koma sizinamyendere. Anthu anali owerengeka, malipiro ocepa, ndipo cibwibwi cace cinali kuwatopetsa. Ku Nantwich, kumene anasamukira m'caka ca 1758, anatsegula sukulu, nayamba kupeza bwino. Tindalama timene anasunga anagulira ana a sukulu makina opopera mpweya ndi ena oonetsa mphamvu ya magetsi, nawalola kuti azigwira ndi manja ao. Mu 1761 anaitanidwa kukaphunzitsa ku Warrington, ndipo caka cotsatira anakwatira Mary Wilkinson, mwana wa mmisiri wosungunula zitsulo. Ku London anapalana ubwenzi ndi Benjamin Franklin wa ku America, amene anamlimbikitsa kulemba buku la mbiri ya magetsi. Ndiponso inu amene mumafufuta zolakwa za pensulo mungakonde kudziwa kuti Priestley ndiye analemba, m'caka ca 1770, kuti kacidutswa ka mphira kamafufuta bwino zolemba za pensulo.

M'caka ca 1767 anabwerera ku Leeds kukakhala mbusa, ndipo nyumba imene anapeza inali pafupi ndi nyumba yaikulu yofululira mowa. Munthu wina akadadandaula ndi pfungo. Priestley analowa kukaona.

Nonse munaona mowa kapena thobwa logonera m'mene limawirira lopanda moto, timathobvu tirikukwera ndi kuphulika pamwamba. M'timathobvumo muli mpweya umene lero timaucha carbon dioxide. Pa nthawi ya Priestley unali ndi dzina lotanthauza mpweya womangika, limene anaupatsa Joseph Black wa ku Scotland, cifukwa anaupeza uli womangika m'coko ndi m'miyala ya laimu. Mpweya umenewu ngwolemera koposa mpweya wamba, cotero m'migolo yaikulu ya mowa unali kukhala pamwamba pa mowawo, kuya kwace pafupifupi masentimita 30, wosaoneka ndi maso. Priestley akatsitsiramo kamtengo koyaka, moto unali kuzima pomwepo. Utsi wa kamtengoko unali kuyandama m'mpweyawo, ndipo akaukupiza ndi dzanja anali kuuona ulikusefukira m'mbali mwa mgolo ndi kutsikira pansi monga acitira madzi.

Tsono anayesa cinthu cina. Anathira madzi m'mbale yosazama, naiika pamwamba pa mowa, m'kati mwa mpweya uja, naisiya usiku wonse. M'mawa analawa madziwo, napeza kuti ali ndi kukoma kwacilendo, kowawasa pang'ono. Mpweya unali utalowa m'madzi. Koma usiku wonse ndi nthawi yaitali, ndipo iye sanali munthu wodikira. Anatenga matambula awiri, nawagwira m'kati mwa mpweya womwewo, nayamba kutsanulira madzi uku ndi uku, monga acitira amai poziziritsa tiyi wa mwana. Pa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha madzi anali atamwa mpweya, nayamba kuthetheka. Anali ofanana ndi madzi ochuka a pa kasupe wa ku Pyrmont, ku Germany, amene anthu olemera anali kugula ndi ndalama zambiri.

Taimani pamenepa pang'ono, pakuti nkhani yonse ya nyanja ndi mlengalenga yagona m'matambula awiriwa. Madzi odekha anafuna usiku wonse. Madzi obvundulidwa anafuna mphindi zitatu. Cifukwa ninji?

Lero tikudziwa kuti mpweya uli wonse ndi tinthu tating'ono zedi, tosaoneka, touluka uku ndi uku ndi kugunda ciri conse. Tina tikagunda pamwamba pa madzi timalowa ndi kusungunuka monga mcere m'ndiwo. Pa nthawi yomweyo tina timene tinali m'madzi kale timaturuka. Pamwamba pa madzi pali ngati khomo la sitolo: ena alikulowa, ena alikuturuka. Ngati m'madzi muli mpweya wocepa wa mtundu wina, olowa amaposa oturuka; ngati wacuruka, oturuka amaposa olowa; ndipo pamene madzi akhuta, olowa ndi oturuka amalingana. Koma khomolo ndi lopapatiza. Pamwamba penipeni pa madzi odekha pali kakhungu ka madzi osayenda, kopyapyala ngati pepala la buku lino, ndipo mpweya umadutsa m'kakhunguka mozengereza kwambiri. Kakhunguka kakakhuta, madzi a pansi amangodikira. Munthu akatsanula madzi, kapena mphepo ikawaomba, kakhunguka kamang'ambika, madzi okhuta amamira, ndipo a njala amakwera kudzamwa. Akatswiri oyesa za nyanja amawerengera kuti mphepo ikawirikiza liwiro lace kawiri, kulowa ndi kuturuka kwa mpweya kumawirikiza pafupifupi kanai. Ndipo funde likasweka licita thobvu loyera, limakwirira timathobvu tosawerengeka pansi pa madzi, kali konse kali khomo palokha.

Priestley atasamuka pafupi ndi nyumba ya mowa ija anaphunzira kupanga mpweyawo yekha, pothira asidi pa coko, nausonkhanitsa m'cikhodzodzo ca nyama, naufinyira m'botolo la madzi ndi kulikhuchumula. Anaona kuti botolo limodzi la madzi limatha kumwa pafupifupi botolo limodzi la mpweya umenewu. M'caka ca 1772 anasindikiza kabuku kophunzitsa njirayi. Akulu a zombo za nkhondo anakondwera, poyesa kuti madziwa adzaciritsa scurvy, nthenda yotupitsa usinini ndi kugwedeza mano, imene inali kupha amalinyero ambiri pa maulendo atali. Ndipo zipangizo zace zinakwezedwa m'zombo za James Cook pa ulendo wace waciwiri wozungulira dziko. Madziwo sanaciritse munthu, popeza mankhwala a nthendayo ndi zipatso ndi ndiwo zamasamba. Koma anthu anawakonda ndithu. Johann Jacob Schweppe anayamba kuwagulitsa ku Geneva m'caka ca 1783, nalemera. Priestley sanapate kanthu. Zakumwa zonse zothetheka za m'mabotolo zimene mumaziona m'masitolo a pa boma ndi zidzukulu za matambula awiri aja.

Pa zaka zomwezo anali ndi funso lina lalikulu lomsowetsa tulo. Anadziwa kuti kandulo ikayaka m'botolo lotseka imazima, ndipo mbewa ikatsekeredwamo imafa. Moto ndi kupuma zimaononga mpweya. Nanga popeza anthu ndi nyama akhala alikupuma, ndipo moto wakhala ulikuyaka, kuyambira kale lomwe, bwanji mpweya wa dziko lonse sunathe kuonongeka? Payenera kukhala cina cimene cimaukonza.

Pa 17 Ogasiti 1771 anaika kanthambi ka mint, kambeu ka masamba onunkhira, m'botolo m'mene kandulo inali itazima, natseka kukamwa kwa botolo ndi madzi. Pa 27 Ogasiti anayesamo kandulo yina, ndipo inayaka bwino lomwe. Anabwereza kambiri, nayesanso ndi mbewa, naona kuti zomera zimabwezera mpweya cimene moto ndi kupuma zinacotsa. Limeneli linali yankho loyamba.

Yankho laciwiri linacokera ku mbale yocapira ija. Anatenga mpweya umene mbewa zinauononga, naukhuchumula ndi madzi nthawi yaitali, ndipo anapeza kuti wakhalako bwino, kotero kuti mbewa inatha kukhalamonso ndi moyo. Pamenepo maganizo ace anacoka pa mbale nafika ku nyanja. Ngati dzanja la munthu mmodzi likonza mpweya wa m'botolo, nanga mphepo imene imabvundula nyanja zonse ndi nyanja zazikulu za pamtunda? Analemba kuti kapena kuwinduka kwa nyanja kumathandiza kuyeretsa mpweya wa dziko. Sanalimbikire, pakuti analibe njira yoyesera cinthu cacikulu cotere, anangoti kapena. Zimenezi zinawerengedwa pamaso pa Royal Society, bungwe la anthu ophunzira la ku London, m'caka ca 1772, ndipo caka cotsatira anampatsa mendulo ya Copley, ndiyo mphotho yao yoposa zonse. Popereka menduloyo mkulu wa bungwelo, John Pringle, anachula zonse ziwiri, zomera ndi nyanja, nanena kuti ngakhale namondwe amene amalinyero amamuopa ali ndi nchito yace.

Priestley anaona zoona, koma cifukwa cace sanacidziwe. Cimene cinacitika m'mbalemo ndi ici: madzi anamwa carbon dioxide amene mbewa zinapumira kunja, napereka pang'ono mpweya wabwino umene unali wosungunuka m'madzimo. Mipweya iwiri inadutsana pakhomo, wina ulikulowa, wina ulikuturuka. Koma mpweya wabwinowo panalibe munthu ku England amene anali atauona pawokha, ndipo unalibe dzina.

Anaupeza ndi iye yemwe. M'caka ca 1773 Lord Shelburne, munthu wolemera, anamlemba nchito yosunga mabuku ace, namlipira mapaundi 250 pa caka, nampatsa cipinda coyeseramo zinthu m'nyumba yace ya Bowood, pafupi ndi Calne. Kumeneko Priestley anali kusonkhanitsa mipweya pamwamba pa mercury, citsulo coyenda ngati madzi cimene cinali kuikidwa m'kagalasi koyesera kutentha kwa thupi. Anacita cotero cifukwa anazindikira kuti mipweya yina, monga ammonia, ikangokhudza madzi imalowamo yonse nthawi yomweyo, munthu osaiona. Madzi sakonda mipweya yonse cimodzimodzi. Yina amaimwa mwadyera, yina monyinyirika.

Pa 1 Ogasiti 1774 anatenga galasi lalikulu losonkhanitsa kuwala kwa dzuwa, nalilozetsa pa ufa wofiira wocokera ku mercury. Ufawo utatentha unaturutsa mpweya. Madzi sanaumwe kwenikweni, koma kandulo inayakamo ndi lawi lowala modabwitsa, ndipo kamtengo konyeka kanabuka moto. Caka cotsatira anaikamo mbewa, imene m'mpweya wamba ikadakhala mphindi 15 zokha. Inakhala mphindi 30, nituruka yamoyo. Pomaliza anaupuma iye mwini, namva m'cifuwa mwace mopepuka.

Umenewu ndiwo okosijeni, umene uli magawo 21 mwa magawo 100 a mpweya wotizinga. Dzinali sanaupatse ndi Priestley. Iye, pamodzi ndi ophunzira ambiri a nthawiyo, anali kukhulupirira kuti cinthu cikamapsya cimaturutsa kanthu kosaoneka kochedwa phlogiston, ndi kuti mpweya umaonongeka podzala nako. Cotero anayesa kuti wapeza mpweya wopanda phlogiston. Mu Okutobala 1774 anadya cakudya ku Paris ndi Antoine Lavoisier, namuuza zimene anaona. Lavoisier anali munthu wa sikelo, woyesa kulemera kwa kanthu kali konse; ndipo patapita zaka zowerengeka anaonetsa kuti phlogiston kulibe, koma kuti cinthu cikamapsya cimagwirizana ndi mpweya watsopanowo, umene iye anaucha okosijeni. Tiyeneranso kuchula Carl Wilhelm Scheele wa ku Sweden, amene anaupeza Priestley asanaupeze, koma buku lace linacedwa kufikira 1777.

Okosijeni salowa m'madzi wambiri. Carbon dioxide amamposa nthawi zoposa 20. Koma pa wocepa yemweyo pagona moyo wa nsomba zonse, ndipo apa ife a kuno tiri ndi maso athu. Shuga amasungunuka bwino m'tiyi wotentha, koma mpweya umacita mosiyana: umakhala bwino m'madzi ozizira, nuthawa m'madzi ofunda. Tungani madzi a pacitsime m'mamawa, muwathire m'tambula yagalasi ndi kuiika padzuwa. Posacedwa mudzaona timathobvu tirikumera m'mbali mwace. Madzi ozizira pafupi kuuma amasunga okosijeni pafupifupi kawiri kuposa madzi ofunda a m'mwezi wa Okutobala. Ndico cifukwa cace m'maiwe otsalira a m'cigwa ca Luangwa, dzuwa likakula ndipo mphepo ikaleka, nsomba zimakwera pamwamba mbandakuca ndi kuyasama. Mlamba ndiye sabvutika msanga, popeza ali ndi ciwalo m'mutu mwace copumira mpweya wa kunja. Kum'mawa kwathu, kuseri kwa mapiri a Viphya, kuli Nyanja ya Malawi, imene pena imazama mamita 700. Mwera umaibvundula m'miyezi yacisanu, koma mphamvu yace siifika pansi. Kupitirira mamita ngati 250 madzi alibe okosijeni, ndipo nsomba sizikhalako.

Priestley anaonanso kanthu kena m'mabotolo ace a madzi. Akawasiya pazenera munali kumera zobiriwira zonga ndere, ndipo zinali kuturutsa timathobvu ta mpweya wabwino uja. Jan Ingenhousz wa ku Holland anaonetsa m'caka ca 1779 kuti zomera zimacita zimenezi pokhapo pali kuwala. Tsopano tikudziwa kuti pamwamba pa nyanja yamcere, imene imaphimba magawo 7 mwa magawo 10 a dziko lapansi, pali tizomera tosaoneka ndi maso tosawerengeka, ndipo timapanga pafupifupi theka la okosijeni yense amene zomera za dziko zimapanga pa caka. Motero mayankho awiri a Priestley, zomera ndi nyanja, anapezeka kuti ali pa ubale.

M'caka ca 1780 anasamukira ku Birmingham, ndipo zaka za kumeneko zinali zokondweretsa. Anali ndi abwenzi anzeru, monga James Watt wa makina a nthunzi ndi Josiah Wedgwood woumba mbale, amene anali kumpangira zipangizo. Anali kusonkhana mwezi ukakhala wathunthu, kuti pobwerera kwao usiku aziona njira. Koma Priestley sanali munthu wosunga mau m'kamwa. Analemba motsutsa ziphunzitso za chalichi ca boma, analalikira motsutsa malonda a akapolo m'caka ca 1788, ndipo pamene anthu a ku France anaukira mfumu yao mu 1789 iye anakondwera poyera. Adani anacuruka.

Pa 14 Julayi 1791 anthu ena a mu Birmingham anakonza phwando lokumbukira kuukira kwa ku France. Priestley sanapiteko, koma khamu laukali linasonkhana, ambiri ataledzera, nilitentha nyumba zopemphereramo ziwiri, imodzi ndiyo imene iye anali kulalikiramo. Pamenepo linalunjika kwao ku Fair Hill. Abwenzi anathamanga kukamcenjeza, ndipo iye ndi mkazi wace anathawa usiku ndi zobvala za m'thupi zokha. Khamulo linaswa magalasi ndi makina onse, linamwaza mabuku ndi zolemba za zaka zambiri, niliononga nyumba. Cipwirikiti cinatha masiku atatu asilikali asanafike. Iye anali ndi zaka 58.

Anakhala ku London zaka zitatu, koma ambiri a anzace a mu Royal Society anayamba kumlambalala, ndipo ana ace amuna anasowa nchito napita ku America. Mu Epulo 1794 iye ndi Mary anakwera combo kuwatsata. Masabata asanu ndi atatu anali pa nyanja ya Atlantic, pakati pa mafunde amene anawaganizira ali pa mbale yocapira. Ali pa madzi pomwepo, Lavoisier anadulidwa mutu ku Paris ndi boma la oukira aja amene Priestley anawayamikira.

Anamanga nyumba ku Northumberland, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa mtsinje wa Susquehanna, ku Pennsylvania. Mwana wace wotsiriza, Henry, anamwalira mu 1795, ndipo Mary anamtsata mu 1796, nyumba isanathe. Nkhalambayo inakonzanso cipinda coyeseramo, nipitiriza nchito. Thomas Jefferson, amene anakhala mtsogoleri wa dzikolo mu 1801, anali bwenzi lace. Koma pa za phlogiston sanatembenuke. Ophunzira pafupifupi onse anali atatsata Lavoisier, koma iye m'caka ca 1800 anasindikizanso buku loteteza ciphunzitso cakaleco. Ncinthu codabwitsa kuti munthu amene sanaope kutsutsa mafumu ndi mabishopu analephera kutsutsa ganizo limene analiphunzira kale. M'mawa wa pa 6 Febuluwale 1804 anaitana mwana wace, namuuza mau ofunika kukonza m'timabuku tace tina. Ndipo atatha, anamwalira mwakacetecete, ali ndi zaka 70.

Caka cimodzi iye asanamwalire, William Henry wa ku Manchester, amene atate wace anali kupanga ndi kugulitsa madzi othetheka aja, anapeza lamulo limene Priestley analisowa. Lamulolo ndi ili: mpweya wa mtundu wina ukawirikiza kawiri pamwamba pa madzi, wosungunuka m'madzimo umawirikizanso kawiri. Mumaliona pamene mutsegula botolo la zakumwa: mpweya wopanikizidwa pansi pa citsekero umathawa, ndipo wa m'madzi umautsata ndi thobvu, botolo likakhala lofunda thobvu limacuruka. Nyanja imamvera lamulo lomwelo. Kumene madzi ali ozizira ndi mphepo iri yaukali, monga kumpoto kwa Atlantic, nyanja imamwa carbon dioxide, ndipo madzi ozizirawo amamira naye pansi, kumene amakhala zaka mazana. Kumene madzi a pansi amakwera ndi kufunda, monga pakati pa nyanja ya Pacific, amamturutsanso. M'nyanja muli kaboni woposa wa mumlengalenga pafupifupi nthawi 50.

Pa masiku a Priestley zolowa ndi zoturuka zinali pafupi kulingana, ndipo mwa magawo 1,000,000 a mpweya, magawo ngati 280 anali carbon dioxide. Koma makina a nthunzi a bwenzi lace Watt anali kudya malasha, ndipo pambuyo pace kunabwera petulo ndi dizilo, ndi kutentha nkhalango. Anthu ambiri ophunzira anayesa kuti palibe kanthu, nyanja idzamwa utsi wonsewo. M'caka ca 1957 Roger Revelle ndi Hans Suess a ku California anaonetsa kuti nyanja siingathe kumwa msanga cotero, pakuti madzi a pamwamba amakhuta, ndipo a pansi amakwera mocedwa. Caka cotsatira Charles David Keeling anayamba kuyesa mpweya pa phiri la Mauna Loa, ku Hawaii, napeza magawo 315. M'caka ca 2023 anapitirira 420. Carbon dioxide amasunga kutentha kwa dzuwa monga bulangeti, ndico cifukwa cace dziko lirikufunda ndipo nyengo zirikusintha, kufikira ndi m'minda yathu ya cimanga ndi nsawawa.

Pa carbon dioxide yense amene anthu amaturutsa pa caka, nyanja imamwa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai. Ikadapanda kutero, kutentha kukadaposa pamenepa. Koma kumbukirani kuwawasa kuja Priestley anakulawa m'mbale ya pa mgolo wa mowa: mpweyawu ukalowa m'madzi umapanga asidi wofooka. Nyanja siinafike powawasa, koma yayamba kupendekera kumeneko, ndipo nkhono ndi tizirombo tomanga zigoba za laimu tirikubvutika kumanga. Ndiponso madzi akamafunda amasunga okosijeni wocepa, monga m'maiwe a Luangwa aja.

Cifukwa ca ici pali zombo zambiri, zina za akatswiri, zina zonyamula katundu, zimene zimayesa mpweya wa m'nyanja pa ulendo wao wonse. Pampu imakoka madzi pansi pa combo niwapopera ngati mvula m'kabotolo kotseka momwe muli mpweya pang'ono. Madzi ndi mpweya zimasakanizika kufikira zolowa ndi zoturuka zitalingana, ndipo makina amawerenga carbon dioxide wa m'kabotolomo ndi kumlinganiza ndi wa mphepo ya kunja. Pa kusiyana kwa ziwirizi, ndi pa liwiro la mphepo ya tsikulo, amadziwa ngati nyanja ya pamalopo irikumwa kapena irikuturutsa.